Phala Loyera Limene Linatsala Pang'ono Kupha Rute

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, inu a kwa Katunga, a kwa Maseya, ndi ena nonse amene kalata iyi ikufikeni m'manja kapena m'makutu, landirani moni wanga. Ine ndine Eliya, amene ambiri mumangonditchula kuti Khukhi chifukwa cha ntchito yanga yophika. Nkhani imene ndikufuna kukuuzaniyi sindiikonda. Ndakhala ndikuizemba zaka zingapo, ndipo ngakhale pano ndikulembamu manyazi akundigwira ngati zachitika dzulo. Koma ndikaibisa ndiye kuti ndabisanso zimene Mulungu anandichitira. Mwana wanga woyamba, Rute, anatsala pang'ono kufa, ndipo mkazi wanga ndinamunamizira chigololo pamaso pa anthu. Zonsezi zinayambira m'chiwaya.

Zaka zija nkhondo ya azungu itangotha, ndinkaphikira mzungu wina amene ankalima thonje kufupi ndi kwa Katunga. Dzina lake ndilisiye, poti iye analibe mlandu pa nkhaniyi. Anali chimunthu chachikulu thupi, chofiira psuu ndi dzuwa la kuno, ndipo ankakonda zokazinga koopsa. M'mawa mazira osambira m'mafuta a nkhumba, masana nyama yonona, buledi wopaka batala wa m'chitini mpaka chala kumira. Chiwaya changa sichinkauma. Ine ntchitoyo ndinkainyadira mopitirira muyeso. Ndinali ndi epuloni yoyera, ndinkadziwa kuwerenga, ndinali wobatizidwa, ndipo anthu a kudambo akabwera pakhomo la khitchini kudzagulitsa nsomba ndinkalankhula nawo nditatseka mphuno. Ine amene ndinakulira mlamba womwewo!

Tinkakhala m'kanyumba kuseri kwa khitchiniyo, ine, mkazi wanga Marita wa kwa Maseya, ndi Rute, amene anali atangoyamba kuyenda bwino.

Tsiku lina bwana anagwa pakhonde atagwira m'nthiti za kumanja, akusanza, maso ali achikasu. Anakaitana dokotala wa kumapiri, ndipo anafika pa machila. Atamupima bwana, dokotalayo analowa m'khitchini mwanga, n'kutenga chiwaya, n'kuchivundikira pansi. Chinyanja ankachidziwa pang'ono, koma zimene ananena ndinazimva bwinobwino. Anati, "Mafuta iai. Mafuta akupha bwana." Kuyambira tsikulo ndinkaphika mpunga wowiritsa, phala lamadzimadzi, nkhuku yosenda khungu, buledi wouma ndi tiyi. Ndipo zoonadi bwana anachira. Mimba ija inaphwa, maso anayera, n'kuyamba kuzungulira munda wonse wapansi osapuma wefuwefu ngati kale.

Izi ndinaziona ndi maso anga, ndipo apa m'pamene nzeru zanga zinandipusitsa. Ndinati mumtima, ngati mafuta angagwetse chimzungu chotere, nanga kamwana kanga angakatani? Mawu a dokotala aja ndinawasunga ngati ndawamva paguwa. Sindinafunse munthu aliyense, poti ndani akanandiphunzitsa ine za chakudya?

Nthawi imeneyo Marita anali ndi pakati, ndiye Rute anali atamuletsa kuyamwa monga mwa mwambo wathu. Mayi ake ankamuphikira phala la mapira lotendera nsinjiro, tsiku lina chitowe, ndipo pa ndiwo ankamufinyira mnofu wa mlamba ndi msuzi wake. Tsiku lina ndinalowa masana n'kuona timaso ta mafuta tikuyandama pamwamba pa phalalo. Ndinalanda mbaleyo n'kukhuthulira nkhuku.

"Amake Rute, kuyambira lero mwana wanga sadyanso za kumudzi izi," ndinatero. "Azidya zimene akudya bwana."

Marita anati, "Bambo a Rute, tonsefe tinakula ndi zomwezi."

"Inu udokotala munauphunzira kuti?" ndinamufunsa. Anatola mbaleyo n'kukaitsuka, ndipo ine ndinayesa kuti ndapambana.

Choncho Rute anayamba kudya phala la ufa woyera mbee, lamadzi, lothira shuga, ndi madzi a mpunga, ndi tiyi. Nsinjiro, chitowe, nsomba, zonse ndinaletsa. Ndikaweruka ndinkanunkhiza miphika ngati galu. Poyamba mwana anaonda, ine n'kumati ndi mano akumera. Patapita miyezi, nkhope inayamba kudzadza, masaya kutukumuka, miyendo kukhala yonenepa yosalala. Ha, ine chimwemwe! Ndinkamunyamula n'kumazungulira naye pabwalo la antchito ndikuti, "Mwaona? Akunenepa mwana wa Khukhi!" Amayi a pabwalopo ankangomuyang'ana, n'kuyang'anana. Mwana anali atasiya kuseka, ankangokhala ndwii pamene wamukhazikapo. Tsitsi lake linafiira n'kukhala lopyapyala ngati ndevu za chimanga, ndipo ine, kalanga ine, ndinafika ponena kuti likusanduka lachizungu.

Kenako khungu linayamba kusupuka m'miyendo, zilonda zinatuluka, m'mimba munatseguka osaleka. Apo ndiye sindikanathanso kunena kuti ndi kunenepa. Anthu anayamba kunong'ona mawu amodzi, akuti tsempho. Achinyamata amene simukudziwa, kwathu kuno mwana akatupa nkhope ndi miyendo, akuluakulu amati wasemphedwa, kutanthauza kuti mmodzi mwa makolo ake wayenda ndi munthu wina kumbali, kenako wabwera n'kudzamugwira mwanayo kapena kuthira mchere m'chakudya chake. Ine ndinali ndikuseka anthu okhulupirira zimenezi. Koma tsiku limene ndinazimva zikunenedwa za Rute ndinazigwira ndi manja awiri, chifukwa kunali kosavuta kukayikira mkazi kusiyana ndi kukayikira phala langa. Ine ndinkadziwa kuti sindinayende ndi mkazi wina. Ndiye wotsala anali ndani?

Ndinayamba kukumbukira tinthu. Masana ena Marita ankasowa pakhomo, akabwera osanena bwinobwino kumene anali. Kawiri konse ndinalowa m'nyumba mwadzidzidzi, iye n'kudzidzimuka, n'kubisa kanthu m'nsalu. Ndinayamba ngakhale kuwerenga miyezi ya pakati pake, kuyerekeza ndi masiku amene ndinali pa ulendo ndi bwana. Mtima unadzadza, ndipo sindinapemphere n'komwe.

Linali tsiku lopima thonje, anthu ali piringupiringu pabwalo ndi mitolo yawo. Marita anali panja, atatapa mchere kuti athire mu ndiwo. Ndinathamanga n'kumumenya dzanja, mchere n'kumwazika pansi.

"Mcherewo usiye! Iwe wandisemphera mwana. Nena pompano, mwamunayo ndani?"

Chikwatirane ndinali ndisanamunenepo kuti iwe. Anthu onse anasiya thonje n'kutembenuka. Marita sanalire. Anagwada ndi mimba yakeyo n'kuyamba kutola mcherewo m'dothi, ndipo anangoti, "Mulungu akuona, bambo a Rute." Ine ndinapitiriza kukalipa. Ndinati asakhudzenso chakudya cha mwana, asathirenso mchere m'chilichonse cholowa m'kamwa mwanga, ndipo ngati akufuna apite kwawo kwa Maseya. Sanapite. Anasamukira m'kachisakasa kophikira, n'kumakhala chapatali akuyang'ana mwana wake.

Tsopano wophikira Rute ndinali ine mwini, m'sefuliya yoyera ya bwana, phala lopanda kadontho ka mafuta ngakhale kamodzi. Ndinapitanso mobisa kwa sing'anga kukatenga mankhwala a tsempho, ine wobatizidwa, ndipo ndinamumwetsa mwana. Sizinathandize kanthu. Pasanathe masabata awiri maso a Rute anatsekeka ndi kutupa. Phala ankalikankha ndi lilime. Kulira kwake sikunkamvekanso ngati kwa munthu, kunali kamawu kakang'ono kongotuluka ndi mpweya. Ndinayamba kuganiza za mphasa yomukulungira.

Loweruka lina m'mawa, nditapereka tiyi kwa bwana, ndinatseka chitseko cha khitchini n'kugwada pafupi ndi mbaula. Musaganize kuti ndinapempha chikhululukiro, ayi. Ndinkadziona ngati wolakwiridwa. Ndinati, "Ambuye, ine ndakutumikirani, ndasiya zachikunja, mwana wanga ndamudyetsa zoyera zokhazokha. Ndionetseni amene akupha mwanayu. Ndimuone ndi maso angawa lero lomwe." Ndinadzuka ndikuyembekeza kuti Marita abwera kudzaulula, kapena mwamuna wina adzagwa pamapazi anga.

Dzuwa lisanafike pamutu kunafika mai Dominga. Ameneyu anali Msena wochokera kumunsi ku Nsanje, wamasiye, wokhala m'dambo lalikulu la m'mbali mwa mtsinje, ndipo ntchito yake inali yowamba nsomba. Ankafwenkha fodya wamphuno, pakamwa analibe chotsekera, ndipo m'tchalitchi anali asanapondemo. Bwana atasiya zamafuta, ine ndinali nditamuthamangitsa mayiyu pakhomo la khitchini, ndikuti akundinunkhitsira malo ndi milamba yake. Tsikulo anabwera kudzagulitsa kwa antchito, ndipo anangopatukira kuseri kwathu kudzapempha madzi akumwa. Anaona Rute atagona pamphasa pamthunzi. Anatula dengu lake osalonjera munthu, n'kunjuta, n'kudinikiza chala chachikulu paphazi la mwanayo. Atachotsa chalacho panatsala dzenje, ndipo silinabwerere.

Anandifunsa m'Chisena chake, "Asadya ninji mwana uyu?" kutanthauza kuti amadya chiyani.

Ndinamuuza zimene amadya, ndipo ngakhale apo m'mawu anga munali kunyada. Iye anafunsa za nsomba, ine ndinati ayi. Anafunsa za nsinjiro ndi chitowe, ine ndinati zamafuta sadya, chifukwa dokotala wachizungu ananena kuti mafuta amapha.

"Dokotalayo ankapima mwanayu kapena bwana wako?"

Ndinati ankapima bwana. Iye anati, "Bwana wakoyo anali ndi mafuta a zaka ndi zaka m'mimba mwake. Angathe kumwa madzi okha chaka chonse osafa. Nanga kamwanaka kali ndi nkhokwe yanji? Bere unakaletsa, nsomba unakaletsa, kazikula ndi chiyani, shuga?"

"Ndi tsempho," ndinatero, koma mawu anatuluka ofooka.

"Nkhabe!" anakuwa, kukana. "Chaka cha njala, ife a m'dambo tikudya nyika zokha, mizu ija ya m'madzi, ana anatupa chonchi khomo ndi khomo. Ndiye amayi onse a m'dambo anachita chigololo mwezi umodzi? Amene anapulumuka ndi ana a asodzi, omwe ankalawa msuzi wa nsomba. Wanga ndinamuika m'manda ali chonchi, ndiye usandiuze ine za matenda awa. Ukufuna amene akupha mwanayu? Ndiwe, Khukhi, ndi epuloni yakoyo."

Abale anga, phulusa la pamene ndinagwada linali lisanachoke m'maondo mwanga. Ndinapempha kuti ndimuone munthuyo tsiku lomwelo, ndipo ndinamuona. Ndinakhala pansi padothi.

Marita anali atayandikira. Analankhula motsitsa, osandiyang'ana. "Bambo a Rute, chimene ndinkakubisirani chilipo. Ndinkapita kwa anzanga kukapempha mtedza pang'ono, n'kumasinja mobisa, inu mukakhala kukhitchini. Ndi umene ndinkabisa m'nsalu. Unali wochepa, poti ndinkaopa kuti mununkhiza mphika. Kuchokera tsiku lija la mchere sanalawenso."

Ndiye kusowa kwake kwa masana kunali kumeneko, kudzidzimuka kwake kunali kumeneko. Zimene ndinkaziona ngati umboni wa chigololo zinali zimene zinkasunga mwana wanga ndi moyo, ndipo ine ndinazidula ndi dzanja langa. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Ndinayamba kulira mokweza, koma mai Dominga anandidula. Anati kulira ndilire mawa, lero ndikatenge mtondo.

Mtedza ndinasinja ndine, mwamuna, epuloni ili m'chiuno, antchito akusuzumira n'kumaseka. Mai Dominga anasankha mlamba wowamba m'dengu mwake, n'kuchotsa minga yonse, n'kuutibula mpaka kukhala ufa. Anatuma Marita kukathyola masamba a nsangowa, mtengo umene ena mumati chammwamba. Marita ndiye anaphika, phala la mapira lofewa, nsinjiro pang'ono, ufa wa nsomba pang'ono, ndi msuzi wa masambawo. Timaso ta mafuta tija tinayandamanso pamwamba, koma ulendo uno mbale sindinailande. Ndinkafuna kuti mwana adye mbale yonse nthawi imodzi, koma mai Dominga anandiletsa. Anati mimba ya mwanayu yaiwala ntchito, tikaidzidzimutsa timupha. Supuni ziwiri, kupuma, supuni ziwiri, kupuma, tsiku lonse. Tsiku loyamba Rute analavula pafupifupi zonse. Lachiwiri anameza pang'ono.

Mayiyu ankabwera pa bwato masiku awiri alionse, atanyamula nsomba ya mwana payokha. Patapita sabata ndi masiku, kutupa kunayamba kuphwa, ndipo apo m'pamene ndinachita mantha kuposa kale. Masaya aja anatha, miyendo inatsala ngati timabango, nthiti zonse poyera. Ndinathamangira mai Dominga kudooko ndikuti phala lake likumumaliza mwana. Anafwenkha fodya wake kaye, n'kunena kuti, "Ameneyo ndiye mwana wako weniweni. Uja unkazungulira naye pabwalo anali madzi. Pita ukasinje."

Ndinapita kukasinja. Masiku amenewo ndinkapemphera mosiyana ndi kale, mawu ochepa, poti ndinalibenso zoti ndimuwerengere Mulungu. Ndinkangoti andichitire chifundo, asalange mwana chifukwa cha uchitsiru wa bambo ake. Pang'ono ndi pang'ono m'mimba munaleka, zilonda zinauma. Tsiku lina Marita anachedwa kubwera ndi mbale, ndipo Rute analira kulira kwenikweni, kwaukali, kumveka mpaka pakhonde la bwana. Ine ndinali ndikusenda mbatata, ndipo ndinaika mpeni pansi n'kumangomvetsera. Pambuyo pake tsitsi lakuda linayamba kumera pansi pa lofiira lija.

Mwana atayamba kuyendanso, ndinapita m'kachisakasa kukapepesa Marita kuti abwerere m'nyumba. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Munandinyoza pabwalo, bambo a Rute. Musandipepese kuseri."

Ndinadikira tsiku lopima thonje. Ndinaima pomwe paja, pamaso pa anthu omwe aja, n'kunena kuti mkazi wanga ndinamunamizira, kuti mwana sanasemphedwe, kuti ndinamumana chakudya ndine chifukwa chotengera zinthu zimene sindinazimvetse. Ena anaseka, ena anawerama. Mayi wina anakuwa kuti, "Nanga tsitsi lachizungu lija lili kuti, a Khukhi?" Mawuwo anandiyenera. Lamulungu ndinakanenanso zomwezo mu mpingo, pamodzi ndi za ulendo wanga wa kwa sing'anga. Patapita mwezi Marita anachira mwana wamwamuna. Anabadwa ndi makutu anga otambalalawa, moti azamba anangoyang'ana mwanayo, n'kuyang'ana ine, osanena kanthu. Kukhala chete kwawoko kunandilasa kuposa kuseka kwa pabwalo.

Mai Dominga nditapita kukawathokoza, ndinayesa Chisena chawo n'kunena kuti takhuta, ndiye zikomo wa kwawo. Anaseka katchulidwe kanga mpaka kutsokomola. Ndinawapempha kuti tizipita limodzi kutchalitchi, anakana, ndipo mpaka lero sanapondemo. Izi zinandivuta masiku ambiri. Koma ine ndikudziwa chimene ndinapempha m'mawa uja, ndipo ndikudziwa amene anafika dzuwa lisanafike pamutu. Mulungu anali ndi aphunzitsi, anali ndi akulu a mpingo, koma ananditumizira mayi yemwe ndinamuthamangitsa chifukwa cha fungo la mlamba. Pano akafika pakhomo la khitchini ndimawatulutsira mpando.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha ngakhale pemphero langa linali lodzikuza. Rute lero ndi mtsikana wamphamvu, amapita yekha kukatunga madzi, ndipo mutu wa mlamba salola kuti wina audye. Dokotala uja sananame. Mafuta ankamuphadi bwana, munthu wamkulu wongokhala pakhonde n'kumadya zokazinga katatu pa tsiku, ndipo mpaka pano ndimamuphikira zowiritsa. Wolakwa ndinali ine, amene ndinatenga lamulo la munthu wodwala chifukwa chodya kwambiri n'kuliika pa kamwana kongosiya bere. Inu amayi, mtedza, chitowe ndi nsomba za m'dambo mwathu musachite nazo manyazi, muziwapatsa ana. Ndipo mwana akatupa, musanayambe kufunsana kuti wayenda ndani, dinikizani chala paphazi lake, kenako mufunsane kuti akudya chiyani.

Inu amene muli m'mavuto lero, musaleke kupemphera, ngakhale mutafika poganiza za mphasa ngati ine. Mulungu amayankha. Kungoti mukamupempha kuti akuonetseni wolakwa, limbani mtima, chifukwa mwina simudzayenda mtunda kukamupeza.

Marita anandikhululukira, ndipo tili ndi ana anayi. Sananditchulirepo nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi. Koma mpaka lero, ndikakhala pafupi iye akuphika ndiwo, akatapa mchere amaima kaye pang'ono, dzanja lili m'mwamba, ndipo sadziwa n'komwe kuti akutero. Ine ndimaona nthawi zonse, ndipo ndimati, "Thirani, amake Rute."